Momwe mungadzutsire TV yachikale yotupa kumbuyo ija

Television Malawi itayamba kuulutsa mu 1999, nyumba zambiri m'matauni zinadzaza ndi ma TV a chubu (galasi lalikulu lotupa kumbuyo loonetsa chithunzi), a Sharp, Philips, Sony ndi Panasonic. Lero ambiri ali pakona, ataphimbidwa ndi chitenje, eni ake akuti anafa. Kawirikawiri chinafa ndi kachipangizo kamodzi kotchipa, kapena solder inangong'aluka penapake. Ikadzuka, TV yotere imaonetsabe bwinobwino ndi dikoda ya Kiliye Kiliye kapena GOtv kudzera pa mawaya atatu aja, lachikasu, loyera ndi lofiira. Kwa amene akufuna kuphunzira zamagetsi madzulo akaweruka, ndi poyambira pabwino kuposa ma TV opyapyala, chifukwa zipangizo zake n'zazikulu, zogwirika ndi zala.

Mufunika multimeter (mita yopimira magetsi), soldering iron ndi solder yake (zowotcherera miyendo ya zipangizo), sikuludalaiva yaitali ya chogwirira cha pulasitiki, waya wokhala ndi chopanira kumapeto, burashi ya penti youma, ndi babu lachikale la 100W, lija la kawaya m'kati. La LED siligwira ntchito imeneyi. Pezaninso galasi lodziyang'anira, kuti muziona chithunzi muli kumbuyo kwa TV.

1. Musafulumire kumasula

Funsani mwini wake kuti inasiya bwanji. Kunali mphezi? Inkayamba yazima n'kuyakanso mukaimenya pambali? Kenako iyatseni, mumvetsere. Kodi kagetsi kofiira kakutsogolo kakuyaka? Mawu akumveka koma chithunzi palibe? Ikulira kuti thi-thi-thi? Yandikizani mkono pagalasi: ubweya ukanyamuka, ndiye kuti mbali yopanga magetsi amphamvu ili moyo. Mayankho amenewa ndi amene akuuzeni mbali yoyambira.

2. Tulutsani magetsi otsalira

Apa ndiye posachita chibwana. TV iyi imaluma ngakhale pulagi ili m'manja mwanu. Chubu cha TV ya mainchi 21 chimagwira ntchito ndi mavoti pafupifupi 25,000, ndipo chimasunga magetsi kwa masiku. Kapasita yaikulu (kachitini kosunga magetsi) yapafupi ndi polowera magetsi nayo imasunga mavoti opitirira 300, ochokera pa 230 a m'nyumba zathu, ndipo iyi ndi imene anthu ambiri amaiiwala.

Zulani pulagi pakhoma, masulani chivundikiro chakumbuyo. Muona waya wonenepa, nthawi zambiri wofiira, wochokera pa flyback (thiransifoma yopanga magetsi amphamvu aja) kupita pa kachisoti ka labala kamene kamatira pachubu. Muonanso waya wopanda khungu, wokokedwa ndi sipuling'i, wodutsa pamsana wakuda wa chubucho. Panani waya wanu pamenepo, mbali inayo muimangirire pachitsulo cha sikuludalaiva. Dzanja limodzi m'thumba, nsapato za labala kuphazi, pansi pouma. Lowetsani nsonga pang'onopang'ono kunsi kwa kachisotiko mpaka ikhudze chitsulo. Nthawi zina kumveka kuti thwa, nthawi zina zii. Dikirani mphindi zingapo mubwerezenso, chifukwa magetsi amatha kubwereramo.

Kapasita ija igundizeni ndi mawaya awiri a babu lanu. Babu liwala kamodzi n'kuzima. Tsimikizani ndi mita. Osaigundiza ndi sikuludalaiva, imawononga mizere ya pabodi, pamene pamangidwa zipangizo zonse.

Khosi la chubu, kopyapyala kumbuyo kuja, ndi galasi losachedwa kusweka. Likangothyoka, nkhani yathera pomwepo. Ana akhale kutali.

3. Sesani, yang'anani, nunkhizani

Chotsani fumbi ndi burashi. Musadabwe kupeza mphemvu kapena nalimata atapserera pabodi. Funani makapasita otupa pamwamba, resistor yakuda, malo amene bodi yasintha mtundu. Tembenuzani bodiyo muone kunsi pamalo owala: mwendo wa chipangizo umene wazunguliridwa ndi kamng'alu konga tsitsi ndi wofunika kuwotchereranso. Yambani ndi miyendo ya flyback, zipangizo zonse zomangidwa pa zitsulo zoziziritsa, ndi kabodi kakang'ono ka pakhosi pa chubu. Ine ndimawotcherera malo amenewa ndisanapime chilichonse, chifukwa TV yoyaka mukaimenya vuto lake limakhala lomweli.

4. Ikakhala yakufa kotheratu

Pimani fyuzi. Ngati yapsa, musaike waya m'malo mwake monga amachitira ena. Fyuzi siipsa popanda chifukwa. Lumikizani babu lija pamalo pa fyuziyo, zulani kapulagi ka waya wokhuthala wozungulira chubu, kenako yatsani. Babu likawala n'kuzilala, palibe shoti. Likawala mpaka kalekale, shoti ilipo: pimani ma diode anayi a polowera magetsi, kapasita yaikulu, ndi transista kapena IC (kachipangizo ka miyendo yambiri) ya power supply, mbali yogawa magetsi mu TV. Zonsezi zikakhala bwino, kaikirani posistor, kabokosi kakuda ka miyendo iwiri kapena itatu pafupi ndi kapulagi munazula kaja, kamene kamapereka magetsi ku waya wochotsa maginito pachubu. Kachotseni mukagwedeze pakhutu. Kakamachita phokoso m'kati, kasweka.

Kulira kwa thi-thi-thi nthawi zambiri kumaloza transista ya horizontal (mbali yotambasula chithunzi chopingasa), imene imakhala pachitsulo pafupi ndi flyback. Manambala ofala ndi D1555, D2499 kapena BU508. Ichotseni muipime pakati pa mwendo wapakati ndi wakumanja. Mita ikalira mbali zonse ziwiri, yapsa. Pakati pa miyendo iwiri yam'mbali mita imatha kuwerenga pang'ono ngakhale transistayo ili yabwino, chifukwa zina, monga D1555, zili ndi resistor m'kati, ndiye musaitaye pa chifukwa chimenecho.

Musathamangire kuika yatsopano. China chake chinaipha. Transista ili kunja, lumikizani babu pa mzere wa B+ (wopita ndi magetsi ku flyback) ndi ground (negetivu ya mbali yomweyo ya bodi), mupime mavoti. Ma TV ambiri amafuna pakati pa mavoti 110 ndi 135, ndipo nambala yake nthawi zina imalembedwa pabodi pomwepo. Akapitirira, sinthani kaye timakapasita ta mu power supply. Akakhala olondola koma yatsopano n'kupsanso, kaikirani flyback kapena kapasita ya 1,600V yoyandikana ndi transistayo.

5. Ikuyaka koma chithunzi n'cholakwika

Mzere umodzi wowala wopingasa pakati ndi vuto la vertical, mbali yotambasula chithunzi kuchokera pamwamba mpaka pansi. Zimitsani msanga, mzerewo umawotcha galasi n'kusiya chipsera chosachoka. Wotchererani miyendo ya IC yake, monga LA7840 kapena LA78040, pimani resistor yoidyetsa magetsi, sinthani makapasita oizungulira. IC imasinthidwa pomaliza.

Mtundu umodzi ukasowa, kapena chithunzi chonse chikafiira ndi timizere topendekera, pitani pa kabodi ka pakhosi. Pali matransista atatu ofanana, a mtundu wofiira, wobiriwira ndi wabuluu. Yerekezani zimene mita ikuwerenga pa atatuwo, wosiyana ndi anzake ndiye wolakwa.

Zigamba za mitundu m'makona, yambani mwasuntha sipika ya wailesi imene ili pafupi, chifukwa maginito ake amasokoneza chubu. Zikapanda kuchoka mutaizimitsa pakhoma kwa theka la ola n'kuyatsanso, ndi posistor ija.

Nthawi ya dzinja pamabwera lina: chithunzi chimayamba cha mbuu, n'kumayera TV ikatentha. Ambiri amathamangira kupotokola kachopotokola kolembedwa Focus ka pa flyback, koma vuto limakhala soketi yoyera ya pakhosi pa chubu, imene yachita dzimbiri lobiriwira ndi chinyezi. Sinthani soketiyo.

6. Podziwa kuti basi

Chithunzi chikakhala chakuda ngakhale magetsi onse ali olondola, ndipo mukakweza ka Screen ka pa flyback chikungotuwa, chubu chatopa. Chotsani bodi, sipika ndi flyback musunge, zidzadzutsa TV ina. Zipangizo zambiri za ma TV amenewa masiku ano zimapezeka motero, kwa amisiri a m'misika monga ya Limbe ndi Ndirande amene amasunga mabodi akale. Chubucho musachiswe pofuna kopa, ndipo musachitaye kudzala kumene ana amasewera: m'kati mwake mulibe mpweya moti chimaphulikira m'kati n'kumwaza magalasi, ndipo galasi lakelo lili ndi mtovu wambiri.