Musanayatse seva ya MCP mu Docker, yambani mwaifufuza

Ine container (bokosi limene Docker imayendetseramo pulogalamu payokha) imene sindinaimange ndekha sindiikhulupirira msanga. Seva ya MCP, pulogalamu yolumikiza AI ndi zida zina, ikhoza kupatsa AI mwayi wowerenga mafayilo anu ndi kugwiritsa ntchito makiyi anu achinsinsi, ndiye si yongoyatsa mwachisawawa.

Ndikakoka image (phukusi limene container imachokeramo) ndi lamulo la docker pull, ndimayang'ana digest yake, nambala yaitali yoyamba ndi sha256, kudzera pa docker images --digests. Dzina loti latest musalidalire: lero likuloza image ina, mawa ina. Digest sisintha, choncho m'malo mwa latest lembani dzina la image, chizindikiro cha @, kenako digest. Ngati oimanga anaisayina, lamulo lotsimikizira siginecha la cosign verify lidzakuuzani ngati siginechayo ndi yawodi.

Poyatsa gwiritsani docker run -i --rm. Musaiwale -i ameneyo. Seva zambiri zimalankhula kudzera pa stdin ndi stdout (njira zolowetsera ndi kutulutsira mawu), ndipo popanda -i seva imangozima mwakachetechete. Ine zinandidyera madzulo onse tsiku lina. Onjezani --read-only kuti seva isasinthe mafayilo a mu container, komanso --network none ngati seva sifuna intaneti. Ndi -v lumikizani foda ya ntchitoyo yokha.

Kenako tsegulani MCP Inspector, pulogalamu yoyesera maseva a MCP, muone zida zimene seva ikulengeza. Mukaona chida chachilendo, zimitsani seva pomwepo.