Momwe mungajambulire diso lodwala ndi foni komanso zomwe akakuchiteni kuchipatala

Kuno kuchigwa cha Shire maso amakumana nazo: fumbi la mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, phulusa la nzimbe zikamawotchedwa ku Nchalo, tsamba la mapira lokukwapula uli chiweramire m'munda. Matenda ambiri amayambira pamwamba penipeni pa diso, pomwe dokotala atha kuona popanda kucheka kapena kubaya. Chomwe chimandiwawa n'chakuti ambiri amachedwa kupita poopa kuti akawachotsa diso. Azakhali anga anakhala miyezi ndi kachotupa kotuwa pambali pa chakuda cha diso, akudonthezamo madzi a masamba, ndipo dokotala atawafunsa kuti kanayamba liti, anangoti kalekale. Pakanakhala zithunzi, funsolo likanayankhika bwino.

Yambani ndi kusamba m'manja ndi sopo, kenaka pukutani kamera yakumbuyo kwa foni ndi kansalu koyera. Yakutsogolo siitulutsa bwino. Wodwalayo akhale pakhonde kapena pamthunzi wa mtengo, nkhope ikuyang'ana komwe kukuchokera kuwala, koma osati padzuwa chifukwa azingotsinzina. Ojambula akhale munthu wina. Foni italikirane ndi diso ngati kutalika kwa chikhatho, ndipo mugunde pasikirini pomwe pali diso kuti chithunzi chisachite chimbuuzi.

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Ngati chotupa chili cha kumphuno, wodwala ayang'ane cha kukhutu kuti malo onsewo aonekere poyera. Jambulani atayang'ana kutsogolo, kumanja, kumanzere ndi kumwamba mutakokera chikope cham'munsi pang'ono. Jambulaninso diso labwinolo pofuna kuyerekeza. Bwerezani sabata iliyonse, pamalo omwewo, nthawi yomweyo. Kanyama kofiirira kooneka ngati phiko kokwawira ku chakuda cha diso, komwe kamabwera ndi dzuwa ndi fumbi, kamatenga zaka kuti kakule. Koma chotupa chotumphuka, cha mitsempha yambiri, chosintha m'masabata ochepa, chikhoza kukhala khansa ya pamwamba pa diso, yomwe imakonda kugwira anthu omwe ali ndi HIV. Ikapezeka msanga amaichotsa diso n'kutsala.

Pali zina zosadikira zithunzi: kuwawa kwambiri, kuona mwachimbuuzi mwadzidzidzi, kadontho koyera pachakuda cha diso, kubayidwa ndi tsamba kapena kamtengo, mwana wakhanda wotuluka mafinya m'maso. Zikatere pitani tsiku lomwelo, ndipo musathiremo kanthu, kaya mankhwala achikuda, mkaka wa m'mawere kapena odontheza otsala kwa aneba.

Tengani kabuku ka kuchipatala, foni ndi mankhwala onse omwe mukumwa kapena kudontheza. Kuchipatala chaching'ono akaona kuti n'zowakulira adzakutumizani kuchipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, ndipo zikavuta mudzakwera mtunda kupita ku Lions Sight First Eye Hospital, pa Queens ku Blantyre.

Kupima kumayamba ndi tochi ndi magalasi okuza zinthu. Dokotala akakupindani chikope cham'mwamba musadzidzimuke, sikuwawa: akufuna timatuza kapena zipsera za trakoma, matenda opatsirana a maso. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu 2022 kuti Malawi yathana ndi trakoma ngati vuto la dziko lonse, koma agogo ena adakali ndi nsidze zopindikira mkati zomwe zimakanda diso, ndipo zimakonzeka ndi opaleshoni yaing'ono.

Kenaka pali makina otchedwa slit lamp. Mumaika chibwano pakachitsulo, chipumi n'kugunditsa kutsogolo, ndipo dokotala amawalitsa kamzere ka kuwala m'diso akusuzumira pamagalasi. Makinawo sakhudza diso. Phethirani monga mwa nthawi zonse, koma mutu usagwedezeke. Nthawi zambiri amagunditsa kapepala konyowetsa ka utoto wa fluorescein mkati mwa chikope cham'munsi, n'kuyatsa nyali ya buluu. Pamenepo kachilonda kosaoneka ndi maso kamawala mobiriwira, kukula kwake konse n'kuonekera. Utoto womwewo umasonyezanso ngati maso ndi ouma: akakuuzani kuti musaphethire, akuwerenga masekondi, ndipo misozi ikang'ambika pamwamba pa diso masekondi 10 asanakwane ndiye kuti siikugwira bwino ntchito. Utotowo umatuluka wokha ndi misozi, ndipo mukaona chimfine chachikasu pambuyo pake musade nkhawa, chifukwa misozi imatsikira m'mphuno.

M'zipatala zina zikuluzikulu muli makina a OCT omwe amajambula ndi kuwala, n'kuonetsa mkati mwa khungu la diso ngati mmene umaonera mkati mwa papaya ukalidula, chonsecho osalikhudza. Komabe kuti atsimikize za khansa amayenera kuchotsa chotupacho n'kukachipima ku labu.

Musanatuluke m'chipindamo, aonetseni zithunzi zanu kuyambira choyamba, ndipo apempheni akulembereni m'kabuku dzina la matenda ndi tsiku lobwereranso. Akakuthirani mankhwala okulitsa mwana wa diso, maso amachita chidima kwa maola angapo, choncho musapalase njinga nokha pobwerera. Pezani kabaza kapena wokuperekezani.