Mmene mungajambulire duwa la rozi ngati akatswiri akale

Kale kusanabwere makamera anthu nthawi zambiri ankadziwa mtundu wa duwa poona chojambula pamanja. Katswiri weniweni pa rozi anali Pierre-Joseph Redouté, anabadwira ku Belgium mu 1759 ndipo ankajambula maluwa a m'munda wa Joséphine, mkazi wa Napoleon, ku Malmaison, nyumba yake ya pafupi ndi Paris ku France. Buku lake la Les Roses linatuluka pakati pa 1817 ndi 1824.

Ndiye ngati mukufuna kuyesa, dulani nthambi m'mamawa, ikhale ndi duwa lotseguka, lina losatseguka komanso masamba, muyiike mubotolo la madzi. Kuno ku Ulongwe, ku Angonia, kumazizirako ndiye duwa limapirira, koma amene muli mu mzinda wa Tete fulumirani, kutentha kuja lifota musanamalize.

Musathamangire penti ayi. Yambani ndi pensulo mopepuka, ndipo muziwerenga zomwe mukuona, timasamba ta rozi timakhala 5 kapena 7 pa kaphesi kamodzi, m'mphepete muli timano ngati sowo, ndipo kuseri kwa duwa kuli timasamba tobiriwira 5. Minga nayo iyang'aneni, yambiri imapindikira pansi, anthu ambiri amangoijambula yowongoka ndiye zimaoneka zabodza.

Penti akhale wamadzi, wosungunula kwambiri, pakani kamodzi mudikire aume kenako mubwerezenso pomwe pali mthunzi pokha. Powala musapakepo, pepala likhale loyera choncho. Kumbuyo osajambulako mphika kapena tebulo, Redouté ankangosiya duwa lokha papepala, dzina la duwalo pansi.