Momwe mungamvetsere Justin Vernon wa Bon Iver podzera mwa anzake oyimba nawo

Mukafuna kumudziwa bwino Justin Vernon, woyimba wa ku America, musamufufuze ndi dzina limodzi lokha. Ambiri amamudziwa ndi dzina la Bon Iver, koma ntchito yake yamwazikana m'zimbale za anthu ena, ndipo nthawi zina dzina lake limapezeka m'munsi mwenimweni, pamene amalembapo opeka nyimbo ndi oijambula. Ine ndimayimba tenala m'kwaya ya kutchalitchi kwathu, ndipo chimene chinandikopa kwa munthu ameneyu ndi momwe amasanjira mawu ake pamwamba pa mawu ena. Choncho njira imene ndikupatseniyi ndi ya khutu la m'kwaya: kulondola mawu ake kulikonse kumene alowa, n'kumamva momwe akusinthira malinga ndi amene wayima naye pafupi.

Pezani kaye mahedifoni, ngakhale otchipa. Sipika ya foni imameza mawu a pansi ndi a m'mbali, ndipo m'nyimbo za Vernon zokoma zambiri zili komweko. Ngati bandulo ndi yovuta, kopani zimbale pa foni mukapeza Wi-Fi kapena bandulo ya usiku, chifukwa nyimbo zimenezi sizimveka mukazimva kamodzi. Khalaninso ndi kabuku kolembamo mayina. Pa Spotify, mukadina timadontho titatu ta pambali pa nyimbo mupeza gawo la credits, ndipo pa YouTube mayina ambiri amalembedwa pansi pa kanema. Dzina lililonse limene lawoneka kawiri, lilembeni.

Yambani ndi For Emma, Forever Ago, ndipo mumvetsere chimbale chonse, nyimbo zonse 9, osadumpha. Vernon anabadwa mu 1981 ku Eau Claire, m'chigawo cha Wisconsin, kumpoto kwa America kumene chisanu chimaluma kwa miyezi. Iye ndi anzake akumudzi anali ndi gulu lotchedwa DeYarmond Edison, ndipo anasamukira limodzi ku Raleigh, ku North Carolina. Mu 2006 gululo linatha, chibwenzi chake chinatha, matenda nawonso anamugwira. Anabwerera kwawo n'kukadzitsekera m'kanyumba ka kutchire kamene bambo ake ankafikirako popita kosaka, ndipo m'nyengo yozizira ya 2006 kulowa 2007 anajambulira m'menemo pafupifupi chimbale chonse, yekha. Anachitulutsa yekha mu 2007, kenako kampani ya Jagjaguwar inachitulutsanso mu February 2008.

Nkhani ya kanyumbayi yakambidwa kwambiri moti ena amaiwala kumvetsera nyimbozo. Inu musatero. Pa ulendo woyamba, mawu a Chingerezi musalimbane nawo. Mwini wake ankayamba ndi kung'ung'udza nyimbo popanda mawu enieni, kenako n'kumamvetsera kuti kung'ung'udzako kukufanana ndi mawu ati, ndiye mizere ina tanthauzo lake silichita kuwonekera ngakhale kwa amene Chingerezi ndi chinenero chawo. Inu werengani anthu amene akuyimba. Pa “Lump Sum”, poyambira penipeni, mumva ngati gulu lasonkhana m'tchalitchi chachikulu, koma ndi munthu mmodzi amene wajambula mawu ake kambirimbiri. Pa “Skinny Love” mumva gitala wachitsulo akumenyedwa mwankhanza, mawu opyapyala a m'mwamba akung'ambika pofika pa kolasi, kupuma kwa munthu kukumveka. Mawu a m'mwambawo agwireni bwino m'khutu, chifukwa ndi amene mudzawazindikire m'nyimbo za anthu ena. Koma dziwani kuti si mawu ake achibadwa. Akamayankhula, Vernon ndi wa besi.

Mukatero pitani pa kachimbale ka nyimbo zinayi ka Blood Bank, ka mu January 2009, mukamvetsere nyimbo yomaliza, “Woods”. Apa ndikupemphani mufatse, chifukwa mukaimvetsa nyimbo iyi zina zonse zikhala zosavuta. Mulibe gitala, mulibe ng'oma. Muli ndime imodzi yayifupi yobwerezedwa, ndipo pobwereza paliponse pakuwonjezeka mawu ena, onse odutsa mu Auto-Tune, makina aja okonza mawu amene timawamva m'nyimbo zambiri za pa wailesi. Oyimba ambiri amawagwiritsa ntchito pobisa kuphonya. Vernon anawatsegula mpaka kumapeto kuti amveke, n'kuwasandutsa choyimbira. Yesani kutsata mzere umodzi wokha kuyambira pamene walowera mpaka kumathero, monga timachitira pophunzira gawo lathu pa pulakatisi pamene magawo ena onse akuyimba. Pa ulendo wina tsatani wina. Chakumapeto mumva wina akukuwa m'mwamba ngati akulira, ndipo wina ali phee pansi, osasunthika.

Nyimbo imeneyi ndi imene inamutsegulira khomo limene palibe ankaliyembekezera kwa munthu wa gitala wa kutchire. Kanye West anaimva, n'kumuitana ku Hawaii kumene ankajambula My Beautiful Dark Twisted Fantasy, chimbale cha mu 2010. Mverani “Woods” kenako nthawi yomweyo “Lost in the World”. Chiyambi n'chimodzimodzi, koma posachedwa ng'oma zolemera zimagwera pamwamba pa mawu aja, ndipo nyimbo ya munthu wosungulumwa imasanduka ya khamu. Vernon alinso pa “Monster” m'chimbale chomwecho, komanso pa “Hold My Liquor” m'chimbale cha Yeezus cha mu 2013. Ndikuchenjezeni kuti m'nyimbo za rap zimenezi muli mawu otukwana, choncho si zoyika pa sipika ana ali pomwepo. Ine ndimangomvera zigawo za Vernon ndi momwe azilumikizira, ndipo zimandikwanira.

Chaka chomwecho cha 2010 anachitanso chinthu chosiyana kotheratu, ndipo ichi ndi chimene ndimachikonda koposa m'ntchito zake zonse za ndi anthu ena. Anaïs Mitchell, woyimba wa ku Vermont, anatulutsa Hadestown, chimbale chimene ndi sewero loyimba lochokera pa nthano yakale ya Agiriki ya Orpheus ndi Eurydice. Mnyamata woyimba mokoma atsikira ku dziko la akufa kukatenga wokondedwa wake, ndipo amuloleza kupita naye pokhapokha asacheuke m'njira. Vernon anayimba gawo la Orpheus, Mitchell la Eurydice, Greg Brown la Hades, Ani DiFranco la Persephone. Chimbale ichi mverani mwadongosolo lake, chifukwa ndi nkhani. Tcherani khutu pa “Wait for Me” ndi “Wedding Song”. Orpheus akatsegula pakamwa pamamveka mawu angapo nthawi imodzi, a pansi ndi a m'mwamba, ndipo mumakhulupiriradi kuti woyimba wotere akhoza kufewetsa mtima wa mfumu ya kumanda. Ikani pambali pake mawu a Greg Brown, okhuthala ndi okalipa, mumve mtunda umene uli pakati pa awiriwo. Seweroli linadzafika ku Broadway, kumabwalo akuluakulu a zisudzo a ku New York, mu 2019 n'kupata mphoto 8 za zisudzo za Tony, koma kumeneko gawo la Orpheus ankayimba ndi munthu wina, ndiye pofufuza onetsetsani kuti mwatenga chimbale cha 2010 osati cha osewera a pa siteji.

Tsopano bwererani kwa iye mwini. Chimbale chachiwiri, Bon Iver, Bon Iver, chinatuluka mu June 2011, ndipo panthawiyi Bon Iver linali litasanduka gulu lenileni, la malipenga, masakisofoni ndi oyimba ng'oma awiri pa siteji, mmodzi mwa iwo Sean Carey. Anachijambulira ku April Base, situdiyo imene Vernon anaikonza m'nyumba yomwe kale inali chipatala cha ziweto ku Fall Creek, kufupi ndi kwawo. Mu 2012 anapata mphoto ziwiri za Grammy, ya woyimba watsopano ndi ya chimbale cha alternative. “Holocene” ndiyo yotchuka, ndipo ndi yokomadi, koma musasiye “Perth” ndi ng'oma zake zonga za asilikali. Dzina la April Base lilembeni m'kabuku kaja, chifukwa mudzalipeza m'zimbale zambiri, ndipo limasonyeza khalidwe la munthuyu. Atangotchuka sanasamukire ku New York kapena ku Los Angeles. Anthu ndi amene anayamba kupita kwa iye.

Ena mwa amene anapita kumeneko ndi a Blind Boys of Alabama, madoda oyimba nyimbo zauzimu amene gulu lawo linayambira pa sukulu ya osaona ku Talladega mu 1939. Vernon ndi amene anawajambulira chimbale cha I'll Find a Way mu 2013, mothandizana ndi Phil Cook, mnzake wa mu DeYarmond Edison uja. Kwa inu amene munakulira m'nyimbo za kutchalitchi, mwina khomo lanu lenileni ndi ili, ndipo mukhoza kuyambira pano ngati zimbale zinazo zakukanikani. Apa ntchito yake yaikulu si kuyimba. Amawapatsa malo akuluakuluwo, ndipo akalowa pa “Every Grain of Sand”, nyimbo ya Bob Dylan, amalowa mwaulemu, ngati mwana amene wapatsidwa ndime imodzi pakati pa makolo. Ku yunivesite ya ku Eau Claire anaphunzira za zipembedzo, ndipo ine ndimamva kuti nyimbo zauzimu za anthu akuda a ku America zili pansi pa zambiri zimene amachita. Umboni wina muupeza pa nyimbo yoyamba ya 22, A Million, chimbale chachitatu cha Bon Iver, mmene analowetsamo mawu a Mahalia Jackson.

Chimbale chimenecho, cha mu September 2016, ndi pamene ambiri amagwera ulesi. Mayina a nyimbo ndi manambala ndi zizindikiro, mawu ndi ophwanyidwa, pena mumaganiza kuti mahedifoni awonongeka. Musachiyambe musanamve “Woods”. Mukachifika, lunjikani pa nyimbo yachitatu, ya nambala 715, imene ndi nambala yoyambira mafoni a kwawo ku Eau Claire. Ndi mawu okhaokha, odutsa m'chipangizo chimene anachitcha Messina potengera dzina la injiniya wake, Chris Messina. Vernon akamayimba mzere umodzi, chipangizocho chimaugawa nthawi yomweyo kukhala magawo angapo motsatira makiyi amene akudinidwa. Zimene kale ankazichita pojambula kambirimbiri, tsopano zimatheka pa siteji. Chipatseni masiku chimbale ichi. Chikakana, chisiyeni mupite pa i,i cha mu 2019, chimene ndi chofunda ndiponso chodzaza ndi alendo, kuphatikizapo Bruce Hornsby pa piyano ndi James Blake, kenako mudzabwerere.

Za Volcano Choir, Gayngs ndi The Shouting Matches sindinenapo zambiri. Ndi magulu amene anachita ndi anzake a kudera kwawo, ndipo mukafuna kusankha chimodzi tengani Repave cha Volcano Choir, cha mu 2013.

Dzina limene lidzadze m'kabuku kanu kuposa onse ndi la Aaron Dessner wa gulu la The National. Awiriwa anayamba ndi nyimbo imodzi, “Big Red Machine”, pa Dark Was the Night, chimbale cha mu 2009 chosonkhetsera ndalama zolimbana ndi Edzi. Mu 2015 anayambitsa chikondwerero cha nyimbo cha Eaux Claires kwawo kwa Vernon, ndipo mu 2018 anatulutsa chimbale pa dzina lomwelo la Big Red Machine. Dessner ndi amene anagwira ntchito ndi Taylor Swift pa Folklore m'nthawi ya Covid mu 2020, aliyense ali kwake, ndipo kudzera mwa iye Vernon analowa pa “Exile”. Mverani nyimbo imeneyi mutangomaliza “Skinny Love”. Amene akutsegula nyimboyo ndi besi yakuya ndi munthu yemweyo. Kumapeto iye ndi Swift amayimba mopikisana, wina asanamalize mzere wina walowa kale, monga anthu okangana amene palibe akumva mnzake, ndipo kusamvanako ndiye nkhani ya nyimboyo. Anakumananso pa “Evermore” chaka chomwecho, ndipo mu 2021 Swift anabweza ulendo, kuyimba “Renegade” ndi “Birch” pa chimbale chachiwiri cha Big Red Machine, mmene mulinso Anaïs Mitchell uja.

Zaposachedwa mutha kuzipeza nokha tsopano, popeza khutu lazolowera. Ali pa “Boys of Faith” ya Zach Bryan ya mu 2023, ndipo SABLE, fABLE, chimbale cha Bon Iver cha mu April 2025, chimayamba ndi nyimbo za gitala zokumbutsa masiku oyamba kenako n'kutseguka kukhala cha chisangalalo, muli Danielle Haim ndi Dijon.

Mukafika apa tsegulani kabuku kaja musankhe dzina limodzi lomwe si la Vernon. Mukasankha Phil Cook, mupeza Megafaun, gulu limene otsala a DeYarmond Edison anapanga Vernon atachoka. Mukasankha Sean Carey, fufuzani S. Carey, dzina limene amatulutsira zimbale zake. Ine ndingakulangizeni Anaïs Mitchell, ndipo muyambe ndi Bonny Light Horseman, gulu lake ndi Eric D. Johnson ndi Josh Kaufman, limene linayimba pa Eaux Claires mu 2018 lisanatulutse chimbale choyamba mu 2020. Pa chimbale chimenecho anatenga nyimbo zakalekale, zambiri za ku Britain ndi Ireland, n'kuziyimba mwatsopano, ndipo pa “Bright Morning Stars” mudzamumvanso Vernon akuyimba nawo.