Kaonedwe ka series ya 10 Things I Hate About You kuti isakuwawitseni mtima

Inu amene munaikonda filimu ya 10 Things I Hate About You ya mu 1999 ija, ya Heath Ledger ndi Julia Stiles, mwina mwamva zoti inatulukanso ngati series pa tchanelo cha TV cha ku America cha ABC Family mu July 2009 ndiye mukuti muione. Ioneni ndithu koma ili ndi kaonedwe kake, apo bii muthimitsa pa episodi yachiwiri mutakwiya.

Ngati filimuyo simunaionepo yambani series, filimu ibwere kumapeto. Ngati munaiona kale musaibwereze masiku omwewo, chifukwa Heath akakhala akadali mmaso mwanu akuyimba pa masitepe a stediyamu paja, Ethan Peck amene ndi Patrick Verona wa mu series simumupatsa mpata olo pang'ono. Heath anamwalira mu January 2008, series nkuyamba patangotha chaka ndi theka anthu chisoni chisanathe, ndiye Ethan anapatsidwa katundu olemera zedi. Patrick wake ndi wa mawu akulu, osalankhulalankhula, njinga yamoto pambali, koma kumwetulira kuja kulibe. Musakudikire.

Chachikulu choti mudziwiretu ndi nkhani ya ndalama. Mu filimu muja Bianca bambo ake amuletsa zibwenzi mpaka mkulu wake Kat atapeza wake, ndiye Cameron, mnyamata amene akufuna Bianca, ndi mnzake Michael anyengerera Joey kuti azimulipira Patrick kuti amufunsire Kat, ndipo ife oonera timadziwa bodzalo kuyambira pachiyambi, mtima uli phaphapha kuti tsiku lomwe Kat adzamve zidzatha bwanji. Ndakatulo yomwe Kat amawerenga mkalasi akulira ija imatiliza chifukwa cha bodza limenelo. Mu series anachichotsa chimenechi, Patrick salipidwa ndi munthu, iye ndi Kat amangoyang'anizana, kukangana, kusiyana, mawa kuyambiranso. Apa mpomwe ine zinandiwawa kwambiri chifukwa anazula mzati wa nyumba nkusiya denga. Ndiye mukamaonera musamayembekeze tsiku loulula chinsinsi, kulibeko.

Zina ndi zazing'ono, banja la Kat ndi Bianca, a Stratford, pano lasamuka ku Ohio kupita ku California, si ku Seattle ngati mu filimu, komanso mayi awo anamwalira pomwe mu filimu anangochoka pakhomo.

Maso anu akhale pa anthu awiri. Larry Miller anabwereranso ngati bambo wa atsikanawa, dokotala wa amayi oyembekezera amene mantha ake onse ali pa mimba za ana ake, ndipo series inamupatsa nthawi yambiri yokhala ndi ana akewo kuposa filimu. Winayo ndi Lindsey Shaw, Kat wake ndi waphokoso, wofuna kukonza chilichonse pa sukulu, osiyana ndi wa Julia Stiles amene ukali wake unali obisa bala. Mulandireni ngati mtsikana wina amene angofanana dzina basi. Za Bianca zofuna kulowa gulu la ma cheerleader, ovina pochemerera timu ya sukulu, lotsogoleredwa ndi Chastity zimatalika mpaka kutopetsa, pamenepo mutha kuthamangitsa ndi rimoti simutaya kanthu.

Ma episodi ndi afupiafupi, mphindi 20 ndi kachidutswa, onerani awiri kapena atatu pa tsiku. Mukaunjika onse usiku umodzi mikangano ya Kat ndi Patrick imaoneka yobwerezabwereza kwambiri.

Ndipo konzekani, alipo 20 okha. ABC Family inaithetsa mu 2010 nkhani ili pakati, season yachiwiri palibe, musavutike kuisaka pa intaneti nkuthera bando. Mukamaliza ya 20 ija ikani filimu usiku omwewo, mukamuone Kat akutuluka mkalasi nkupeza gitala mgalimoto mwake.