Momwe mungatchulire mafayilo a patch popanga package ya Debian

Ndikukhulupirira kuti quilt, chida chosamalira ma patch (timafayilo ta zosintha mu code), munaika kale ndipo mu ~/.quiltrc munalembamo QUILT_PATCHES=debian/patches, zimenezo sindibwerezanso.

Choyamba dzina lizinena chomwe patch ikukonza. Ma fix.patch ndi new2.patch aja amangozunza anzanu, ndipo pakatha miyezi itatu inu nomwe simudzakumbukira kuti munkakonza chani. Zilembo zikhale zing'onozing'ono, osasiya mpata, mawu muziwalumikiza ndi kamzere, ngati fix-build-with-gcc-14.patch. Ikakhala yotseka bowo la chitetezo ingolembani nambala ya CVE (nambala yomwe amapatsa bowo lachitetezo likadziwika) basi, munthu akaona CVE-2014-0160.patch adziwiratu kuti ndi ya bowo lija la mu OpenSSL lotchedwa Heartbleed.

Tsono manambala akutsogolo aja, 0001-, 0002-, amene git format-patch imaika yokha, apa ndi pomwe ine ndinagwa nayo. Ndinakopera patch ya dzina loyamba ndi 0003- mu debian/patches ndikumati poti nambala ilipo ilowa yokha pambuyo pa yachiwiri. Ayi ndithu. dpkg-source, yomwe imalowetsa ma patch pomanga package, sisamala za nambala, imangowerenga fayilo ya debian/patches/series mzere ndi mzere kuyambira pamwamba, yomwe simunailembe mmenemo ndiye kuti kulibe. Chowawa nchoti package inamangika bwinobwino osadandaula kalikonse, ine ndikuikweza pa seva usiku mpaka bandulo kutheratu, m'mawa kupeza pulogalamu ikungogwabe pamalo omwe aja. Tsiku lonse ndili mu code kusakasaka, ndikukayikira patch yosalakwa. Madzulo mpamene ndinayendetsa lintian, chida chofufuza zolakwika mu package, nkundilembera patch-file-present-but-not-mentioned-in-series, mawondo anazizira. Ndiye chonde patch yochokera kwina muzilowetsa ndi quilt import, ndipo posintha dzina gwiritsani quilt rename osati mv, kuti series isinthire limodzi.

Komanso samalani ndi ma patch ongomatidwa m'magulu a Telegram ndi anthu osadziwika, ma tab amasanduka ma space nkukana kulowa, kaya mwinanso asokerapo zina. Katengeni ku git ya eni pulogalamu.

Kenako quilt header -e --dep3 kuti mulembe mawu ofotokoza pamwamba pa patch, mudzaze Description, Origin ndi Forwarded, zomwe sizikwana m'dzina zipite mmenemo. A Fedora amangondandalika ma Patch0, Patch1 mu spec (fayilo yawo ya malangizo omangira package), a FreeBSD ports amatchula potsata njira ya fayilo ngati patch-src_main.c, mukapita kumeneko tsatirani zawo. Mukatha chotsani ma patch onse ndi quilt pop -a, muwalowetsenso ndi quilt push -a, zikalowa zonse mangani.