Kulowetsa deta yambiri mu PostgreSQL popanda kuwononga mayina ndi manambala

Mlembi wa pasukulu ya sekondale kuno ku Zomba akakhala ndi mayina a ophunzira zikwi zingapo mu Excel, safunika kuwalowetsa mu database (nkhokwe ya deta ya pakompyuta) mzere umodziumodzi. Lamulo la COPY la PostgreSQL, pulogalamu yoyendetsa database, limawerenga fayilo yonse nthawi imodzi, ndipo pulogalamu ina ya mtundu womwewo, MySQL, ili ndi lake lotchedwa LOAD DATA INFILE. Koma musanakhudze chilichonse, sungani kope la database yonse pamalo ena ndi pg_dump, chida cha PostgreSQL chokoperera database.

Ntchito yaikulu ili pa fayilo, ndipo apa ndipomwe ambiri amapunthwa. Posunga mu Excel sankhani "CSV UTF-8" (CSV ndi fayilo ya mawu okhaokha yolekanitsa makolamu ndi makoma), chifukwa CSV wamba amatha kusandutsa ŵ wa m'mawu akuti Malaŵi kukhala chizindikiro cha funso. Manambala a foni oyamba ndi 0888 kapena 0999 amataya ziro woyambayo ngati kolamu yake simunaiike kukhala ya mawu, ndipo mumadzazindikira mochedwa, mauthenga opita kwa makolo akulephera kufika. Masiku nawonso alembeni chaka poyamba, monga 2024-04-03, pakuti 03/04/2024 kompyuta yozolowera kalembedwe ka ku America imawerenga kuti 4 Marichi pamene inu mukutanthauza 3 Epulo.

Ine ndimalimbikitsa kuti detayo iyambe yalowa mu tebulo longoyembekezera, lomwe makolamu ake onse ndi TEXT (a mawu wamba), osati m'tebulo lenileni. Tebulolo tilitche ongofika. Mu psql, pulogalamu yolembamo malamulo a PostgreSQL, lembani motere:

\copy ongofika FROM 'ophunzira.csv' WITH (FORMAT csv, HEADER true)

Kusiyana kwake n'kwakuti \copy imawerenga fayilo ya pakompyuta yanu, pamene COPY imaifuna pa seva, kompyuta yomwe pamakhala database. Mzere umodzi wolakwika umaimitsa ntchito yonse ndipo palibe chimene chimalowa. PostgreSQL 17 ya 2024 inabweretsa ON_ERROR ignore yodumpha ina mwa mizere yotere, koma pa kaundula wa ophunzira sindiikonda, chifukwa mzere wodumphidwawo ndi mwana wa munthu amene dzina lake lidzasowa.

Mukayang'ana mayina obwerezedwa ndi malo opanda kanthu, samutsirani detayo m'matebulo enieni, kuyambira la makalasi kenako la ophunzira, popeza foreign key, yomwe imalumikiza matebulo awiriwa, imakana wophunzira wa kalasi yomwe kulibe. Posamutsapo yambani ndi lamulo la BEGIN, werengani mizere ndi count(*) n'kuyerekeza ndi ya m'fayilo, ndipo mulembe COMMIT, lamulo lokhazikitsa zimene mwasinthazo, pokhapokha ziwerengerozo zikagwirizana. Zikasiyana, ROLLBACK imabweza zonse. Magetsi akazima musanalembe COMMIT, matebulo amatsala monga analili.

Kutulutsa deta n'kosavuta: mulamulo lomwe lija ikani TO m'malo mwa FROM. Dziwani kuti tsamba limodzi la Excel limathera pa mizere 1,048,576, choncho fayilo yoposa pamenepo muigawe musanaitumize kwa woipempha.